OIMBA A M'MABALA NDI ANCHITO: APATSIDWE BWALO NDI MALIPIRO

M'mwezi wa October caka ca 2024, woimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa Noid imene inamveka m'maiko ambiri. Mkati mwa nyimboyo munali gitala ndi mau a gulu la Ngozi Family la mu Lusaka, zotengedwa mu lekodi ya 45,000 Volts ya caka ca 1977. Caka ca 2023 woimba wina wa ku America komweko, Travis Scott, anali atacita cimodzimodzi ndi nyimbo ya gulu la Amanaz la ku Kitwe. Nkhani zimenezi zinakondweretsa anthu ambiri a m'Zambia, ndipo kunali koyenera kukondwera. Koma mwini gitala ija, Paul Ngozi, sanamve kutamandidwa kumeneku pakuti anamwalira caka ca 1989, ndipo malo ambiri onga amene iye anakuliramo pa luso lake analeka kalekale kulemba magulu oimba.

Funso limene atsogoleri a m'midzi, a m'nthambi ndi a m'mawadi ayenera kudzifunsa ndi ili: kodi nyimbo zimene alendo adzabwera kudzafuna zaka 40 zikudzazi zikuphunziridwa kuti lero? Nyimbo za magulu aja zinapsa pamaso pa anthu, m'malo omwera mowa, m'mahotela ndi m'maholo a migodi ndi a khonsolo, kumene anyamata anali kuimba Lacisanu ndi Loweruka, nalandira ndalama pa thukuta lao. Woimba wa m'bala ndi wanchito monga womanga nyumba kapena wosoka zovala. Akasowa bwalo ndi malipiro luso lake limafota, ndipo dera lake limatsala likuvina nyimbo za eni.

KUMENE LUSO LINAPHUNZIRIDWA

Mbiri ya nkhaniyi iyambira ku migodi ya mkuwa. Kuyambira zaka za m'ma 1930, amuna ocokera ku Luapula, Kumpoto, Kum'mawa ndi ku maiko oyandikana anasonkhana m'makomboni a Kitwe, Luanshya, Mufulira ndi Chingola, aliyense ndi nyimbo za kwao. Gitala inalowa m'makomboni amenewa ndipo posacedwa inayamba kuperekeza nyimbo za m'zinenero za anchitowo. Pamene Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anayendera migodi caka ca 1957 ndi makina ake ojambulira mau, anapezako oimba magitala amene anali kusangalatsa anzao pambuyo pa nchito. Ku Lusaka, Alick Nkhata anali kutola nyimbo za m'midzi ndi za m'matauni, naziimba pa wailesi ndi gulu lake kuti dziko lonse lizimve.

Ufulu utabwera caka ca 1964, mtengo wa mkuwa unali pamwamba ndipo anchito a m'migodi anali ndi ndalama m'thumba. Makampani a migodi anali ndi maholo ndi makalabu a anchito ao, makhonsolo anali ndi nyumba zao za mowa, ndipo mahotela a m'mbali mwa njanji anali kufuna bandi yokoka anthu. Anyamata a masiku amenewo anayamba ndi kutsanzira zimene anali kumva pa malekodi akunja, nyimbo za Beatles, Rolling Stones, Jimi Hendrix ndi James Brown, amene anafika yekha m'Zambia kudzaimba caka ca 1970. Ngakhale dzina la Jagari, limene Emmanuel Chanda wa gulu la WITCH adziwika nalo kufikira lero, linacokera ku dzina la Mick Jagger.

Kutsanzirako kunali ciyambi cabe. Bandi yoimba m'bala imakumana ndi oweruza ake maso ndi maso, ndipo munthu wotopa ndi nchito amene walipira pakhomo sanyengeka. Nyimbo ikamugwira mtima amaimirira navina. Ikapanda kumugwira amatembenuka nayamba kuceza ndi mnzake, mwinanso kutuluka kupita ku bala ya patsidya. Woimba amaona zonsezi gitala ili m'manja, ndipo Loweruka lotsatira amabwera atakonza pamene panalakwika. M'holo imodzi munali kukhala Mbemba, Mnsenga, Mlozi ndi Mtonga, kotero kuti bandi yofuna kudya inayenera kudziwa kaliridwe ka ng'oma za onsewo. Umu ndi mmene magitala a magetsi anakumanira ndi ng'oma za kumudzi, napanga nyimbo zimene lero zichedwa Zamrock.

LAMULO LA WAILESI

Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene iye mwini anali kudziwa kuimba gitala, analamula kuti pa nyimbo 10 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma, zosacepera 9 zikhale za m'Zambia. Nthawi yomweyo kampani ya Teal inali kudinda malekodi ku Ndola, pamene poyamba oimba anali kunyamula matepi ao kupita nao ku Nairobi. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour anali kulemba magulu ndi kugulitsa malekodi ao. Caka ca 1975 cokha cinaona lekodi ya Lazy Bones ya WITCH, ya Africa ya Amanaz ndi ya Wings of Africa ya gulu la Musi-O-Tunya limene Rikki Ililonga anali mmodzi wa oliyambitsa. Caka ca 1976 Ngozi Family inatulutsa Day of Judgement.

Anthu ambiri okamba mbiri imeneyi amathera pa lamulo lija, monga ngati nyimbo zinamera tsiku limene Pulezidenti analankhula. Lamulolo linali labwino ndipo linatsegula msika waukulu, koma msika utseguka bwino pamene pali anthu amene analima kale. Magulu amene anadzaza wailesi m'zaka zimenezo anali ataimba kale usiku wosawerengeka pamaso pa anthu, akudziwana mpaka woimba ng'oma anali kumva kumene wa gitala akupita asanafikeko. Lero lamulo lotero likhoza kudzaza wailesi ndi nyimbo zopangidwa pa kompyuta, koma silingapange gulu la anthu asanu odziwa kuimbira pamodzi. Gulu lotero limapangidwa ndi bwalo lokhazikika, sabata ndi sabata.

ZIMENE ZINATSEKA MABWALO

Cakudza sicimba ng'oma. Caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri, ndipo mkuwa ndiwo unali kubweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja za dziko lino. Zingwe za gitala, zokuzira mau ndi zipangizo zodindira malekodi zinali kugulidwa kunja, conco zinayamba kusowa ndi kukwera mtengo, pamene wanchito amene anali kulipira pakhomo anayamba kuwerenga ngwee zake kuti zikwane ufa ndi mafuta ophikira.

Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe nayo inafika pakhomo. M'mwezi wa October 1978 asilikali a Rhodesia anaphulitsa misasa ya omenyera ufulu ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndi ku Mkushi, kumene Alick Nkhata anaphedwa pafupi ndi munda wake. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi m'matauni. Malamulowo anali oteteza miyoyo, koma kwa woimba anatanthauza kuti nthawi imene iye amagwira nchito yatsekedwa. Magulu ambiri anayamba kuimba masana, pamene anthu a ndalama ali ku nchito.

Pamwamba pa izi panabwera disiko. Mwini bala anawerengera naona kuti munthu mmodzi wokhala ndi bokosi la malekodi ndi zokuzira mau amadya zocepa kuposa amuna asanu ndi mmodzi okhala ndi zida zao. Makaseti okopedwa mwakuba anatsiriza phindu la malekodi. Kenaka kunadza Edzi, imene inakolola oimba a mbadwo umenewo mopanda cifundo. Pulezidenti Kaunda anauza dziko poyera caka ca 1987 kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa, pofuna kuti anthu aleke kubisa, koma mankhwala otalikitsa moyo anafika kwa anthu wamba patapita zaka zambiri. Jagari Chanda ndiye yekha anatsala mwa oyambitsa WITCH. Anakhala mphunzitsi, pambuyo pake nakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja, kufikira kampani ya Now-Again ya ku America inatulutsanso malekodi a gululo caka ca 2012. Gululo linadzukanso, linayenda maiko a ku Ulaya ndi America, ndipo linatulutsa lekodi yatsopano ya Zango caka ca 2023.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene anthu a kumidzi ayenera kuisunga. Pamene Zamrock inali kuzirala, cimene cinadzazanso mabala m'zaka za m'ma 1980 cinacokera kumudzi. Kalindula ndi gule wa ku Luapula, wochedwa ndi dzina la cida cacikulu ca cingwe cimene cimalira mau a pansi, ndipo magulu monga Serenje Kalindula, Masasu, Shalawambe ndi Amayenge anaika nyimbo za miyambo pa magitala a magetsi, anthu a m'matauni nazilandira ndi manja awiri. P.K. Chishala, amene anali wosaona, anaimba za atsogoleri a chalichi acinyengo ndi za mavuto a wanchito wamba, ndipo caka ca 1988 anakaimirira Zambia ku cikondwerero ca WOMAD ku Britain. Gulu la Amayenge, limene linayambira ku Choma caka ca 1978, linapitiriza ngakhale mtsogoleri wake Chris Chali atamwalira caka ca 2003, motsogozedwa ndi mkazi wake Alice Chali. Anthu a m'tauni atatopa ndi zakunja, anatembenukira ku nkhokwe ya kumudzi.

MMENE ZILILI KUM'MAWA LERO

Munthu woyenda madzulo a Loweruka m'misika ya Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, Chipata, Chadiza kapena Lundazi samva kusowa kwa phokoso. Bala iliyonse ili ndi cokuzira mau cake pakhomo, ndipo nyimbo za ku Nigeria, South Africa, Congo ndi Lusaka zimapikisana kufikira usiku. Cimene cimasowa ndi munthu wogwira gitala. Nyimbo zonsezo zimacokera mu foni kapena mu kacipangizo kocepa ngati cala, ndipo pa ndalama zimene zalowa usiku umenewo palibe ngwee imene ipita kwa woimba wa m'deralo.

Luso lilipo. M'midzi muli anyamata amene amapanga banjo ndi cigubu ca mafuta, nyanga ya mtengo ndi waya, ndi babatoni wa cikopa ca ng'ombe, naimba pa maukwati ndi pa misika. M'machalichi muli oimba kiyibodi ndi makwaya a mau okoma. Cigawo cino cili ndi cimtali, citelele, vimbuza ndi ngoma ya Angoni. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO caka ca 2005. Ndipo miyambo ya Nc'wala ku Mtenguleni, Kulamba ku Mkaika ndi Tuwimba ya Ansenga imasonkhanitsa zikwi za anthu caka ndi caka. A Sakala Brothers ndi Angela Nyirenda anaonetsa kale kuti nyimbo zozikidwa pa miyambo ya Kum'mawa zikhoza kuvinidwa dziko lonse. Cimene mnyamata wa banjo alibe ndi khwerero locokera pa msika kupita pa bwalo lolipira.

Posowa khwerero limenelo, wacinyamata amapita kwa mnzake wokhala ndi kompyuta, najambula nyimbo imodzi, naitumiza pa WhatsApp. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, pakuti ndi yotsika mtengo ndipo imafika kutali. Koma woimba wotere akaitanidwa pamaso pa anthu amangoyendetsa milomo pa nyimbo yojambulidwa kale, ndipo magetsi akazima iye watha. Zaka zapitazi zaonjezera mavuto: mabala anatsekedwa m'mwezi wa March 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba kotero kuti magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Magulu ocepa amene anali kuyesa analephera kuimirira, ena nagulitsa zida zao.

Kumene bandi iitanidwa, kalipiridwe kake kamakhala kocititsa manyazi kawirikawiri. Pangano limapangidwa pakamwa. Usiku ukatha mwini bala amanena kuti anthu anali ocepa, napereka ndalama ya galimoto ndi mabotolo angapo a mowa. Nthawi zina zida zonse ndi za mwini bala, conco woimba akadandaula amauzidwa kusiya gitala ndi kupita. Kulipira wanchito ndi mowa ndi mcitidwe woipa kawiri: banja lake siligona ndi cakudya, ndipo iye mwini amaphunzitsidwa ucidakwa ndi amene anayenera kumulipira.

ZA MOWA NDI MAKHALIDWE

Akuluakulu a mipingo, mafumu ndi makolo ali ndi cifukwa comveka cokayikira nkhani imeneyi. Iwo aona mabanja akupasuka cifukwa ca mowa, ndalama za thonje ndi nshawa zikuthera pa bala m'sabata imodzi, ndi atsikana a sukulu akuonongeka pa magule a usiku. Akumbukiranso maliro a zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Munthu wonyoza nkhawa zimenezi sadziwa za kumudzi.

Koma ayenera kuona cinthu cimodzi: mabandi anacoka m'mabala zaka zambiri zapitazo, ndipo ucidakwa sunacoke nao. Bala yopanda bandi imagulitsa mowa monga kale, mwinanso koposa, pakuti munthu alibe cina cocita koma kumwa. Kumene kuli bandi kuli nthawi yoyamba ndi yotsiriza, kuli munthu pakhomo woona amene akulowa, ndipo ndalama ina imene ikanathera mu botolo imapita kwa anchito asanu a m'deralo. Lamulo la malaisensi a mowa la 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosafika zaka 18, ndipo makhonsolo ali ndi mphamvu pa malaisensi ndi maola otsegulira. Mankhwala a cisokonezo ndiwo kusunga lamulo limenelo mosayang'ana nkhope. Kuletsa gitala sikunacotse mwana ngakhale mmodzi m'bala.

Ndiponso nyimbo sizifunika kukhala m'bala mokha. Holo ya khonsolo, holo ya sukulu pa chuti, bwalo la mpira ndi bwalo la cionetsero ca zaulimi ndi malo amene bandi ikhoza kuimba Loweruka masana popanda mowa, amai ndi ana nakhalapo mwaufulu. Zimene oimba a 1978 anacita mokakamizidwa ndi nkhondo, a lero akhoza kuzicita mwa kufuna kwao, makamaka m'miyezi ya pambuyo pa kukolola pamene alimi agulitsa mbeu ndipo ndalama zili m'midzi.

WOIMBA SI WOTAMANDA WA CIPANI

Pali cenjezo limene mamembala a zipani ayenera kulimva mosapsa mtima. M'nthawi ya cipani cimodzi, kucokera 1973 kufikira 1991, oimba ndi ovina ambiri anali kuitanidwa kukatamanda atsogoleri pa misonkhano ndi pa mabwalo a ndege. Zipani zitaculuka mwambowo sunathe, unangosintha malaya. Nthawi ya masankho woimba amafunidwa ndi aliyense, amakwezedwa pa lole, amapatsidwa citenje ndi kandalama, ndipo mavoti akawerengedwa amaiwalika kufikira patapita zaka 5. Ngati anaimbira amene agonja, eni mabala ena amaopa kumuitana.

Bandi yodyetsedwa ndi cipani imagwa pamodzi ndi cipanico, ndipo nyimbo zake sizikhala. Nyimbo zimene alendo abwera kudzafuna lero ndi zija zinakamba za njala, cikondi, ufiti, ulova ndi apongozi, zimene munthu wamba anamva nati nkhani iyi ndi yanga. Nyimbo ya Common Man ya P.K. Chishala ikumbukiridwa cifukwa inanena zimene wanchito anali kunong'ona m'nyumba mwake za kukwera kwa mitengo. Mtsogoleri wanzeru amamvetsera nyimbo zotere monga amvetsera msonkhano wa nthambi, pakuti m'menemo muli madandaulo amene anthu saanena pamaso pake. Wofuna woimba pa msonkhano wa cipani amulipire monga alipira mwini lole, ndipo asamuyese mdani akamuona mawa akuimba kwa ena.

ZOYENERA KUCITIKA

Coyamba ndi pangano lolembedwa. Bandi isanatsitse zida, mwini malo ndi mtsogoleri wa gulu alembe papepala ndalama imene agwirizana, kapena gawo la ndalama za pakhomo, ndi amene alipire ulendo. Pepala lotero silifuna loya. Lifuna siginecha ziwiri ndi mboni imodzi. Ngati malipiro ndi gawo la pakhomo, mmodzi wa gulu akhale pakhomopo. Mowa usawerengedwe ngati malipiro. Wapampando wa nthambi kapena nyakwawa amene amaweruza mlandu wa ganyu wa m'munda sayenera kuseka mlandu wa woimba wosalipidwa.

Caciwiri ndi zida. Ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, za CDF, zinakwezedwa caka ca 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo zili ndi gawo lothandiza makalabu ndi makopaletivu a acinyamata ndi amai. Makomiti a citukuko a m'mawadi amalandira mosavuta pempho la nkhuku, mbuzi kapena cigayo, koma pempho la magitala amaliyesa masewera. Maganizo amenewa asinthe. Gulu lolembetsedwa, lokhala ndi malamulo ake ndi buku la ndalama, limene lionetsa kumene lidzaimba ndi zimene lidzalandira, ndi bizinesi monga ina iliyonse. Zidazo zikhale za gulu lonse, zolembedwa m'buku, kuti mmodzi akacoka asanyamule gitala. Pa mndandanda wa zogula pasasowe batire ndi sola, popeza cilala ca 2024 cinaphunzitsa kuti magetsi a Kariba sangadaliridwe nthawi zonse.

Cacitatu ndi bwalo lokhazikika. Khonsolo iliyonse ikhoza kupatula tsiku limodzi pa mwezi loti holo yake ibwerekedwe kwa magulu a m'deralo pa mtengo wotsika. Eni mabala ndi malo ogona alendo a m'tauni imodzi akhoza kugwirizana kuti bandi izizungulira, sabata ino kwa uyu, sabata yamawa kwa uyo, kuti mtolo usagwere mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Magulu a Petauke, Katete ndi Chipata, amene ali pa mseu umodzi wa Great East, akhoza kusinthana mabwalo kuti anthu asatope ndi nkhope zomwezo. Makomiti okonza miyambo ya mafumu ndi zionetsero za zaulimi, amene amaononga ndalama zambiri kuitana oimba a ku Lusaka, apatule malo ndi malipiro a gulu limodzi la kwao.

Cacinai ndi wailesi ndi umwini wa nyimbo. M'zaka za Kaunda wailesi inali imodzi. Lero Cigawo ca Kum'mawa cili ndi mawailesi ake, monga Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, ndi ena m'maboma. Wailesi ya m'dera imene ijambula bandi ikuimba pamaso pa anthu, niulutsa Lamulungu masana, imacita nchito imene Alick Nkhata anacita. Oimba naonso adziteteze. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zopeka la 1994, bungwe la National Arts Council lolembetsa magulu a zaluso, ndi bungwe la ZAMCOPS losonkhanitsa malipiro a eni nyimbo. Nkhani ya Ngozi Family yaonetsa kuti nyimbo ikhoza kubala ndalama patapita zaka 47. Wopeka nyimbo alembetse dzina lake lero, kuti ana ake asadzakangane ndi alendo mawa.

Cacisanu ndi ulemu kwa amai oimba. Mtsikana wa mau okoma amaimba mu kwaya popanda womunena, koma akaima pa bwalo la bandi amapatsidwa maina oipa, ndipo amuna ena oledzera amamuyesa wogulitsidwa pamodzi ndi mowa. Mwini malo ali ndi udindo wa kumuteteza pa nchito ndi kuona kuti wafika kwao bwino. Alice Chali ndi Angela Nyirenda ndi umboni wakuti mai akhoza kutsogolera pa bwalo zaka zambiri, nasunga ulemu wake ndi wa banja lake.

Oimba eni ake ali ndi mbali yao. Gulu lofika mocedwa, loyamba kuimba litaledzera, kapena lodziwa nyimbo zisanu zokha za eni, lisadabwe mwini bala akabwerera ku foni yake. Nchito imeneyi ifuna kuyeseza masiku a pakati pa sabata, kusamala zida, kusunga ndalama ina ya zingwe ndi zokonzera, ndi kupeka nyimbo za m'Cinyanja, Cinsenga, Citumbuka ndi Cikunda zokamba zimene anthu a m'deralo akuona. Afunikanso kusamala moyo wao, kukapimitsa magazi ndi kumwa mankhwala mokhulupirika ngati apezeka ndi kacilombo, popeza mankhwala amene mbadwo wa Paul Ngozi unasowa lero apezeka kwaulere m'zipatala za boma.

Zonsezi sizifuna lamulo latsopano locokera ku Lusaka. Zili m'manja mwa khansala, komiti ya wadi, mfumu, mwini bala ndi mlimi amene avomera kulipira pakhomo m'malo mopempha kulowa ulere cifukwa woimbayo ndi mwana wa mlongo wake. Pa msonkhano wotsatira wa nthambi kapena wa wadi, pamene nkhani za feteleza, mijigo ndi milatho zatha, wina aimirire afunse kuti m'wadi muno muli magulu angati oimba, zida zao zili kuti, ndipo anaimba liti komaliza pa bwalo lolipira. Mlembi alembe mayankho m'buku, ndipo komiti ichule tsiku ndi malo a bwalo loyamba mvula isanagwe.